Tsamba la m'Kapu ya Amayi

Amayi atamwalira anatisiyira alovera wodzaza zitini zisanu ndi ziwiri za penti pakhonde, ndi bambo. Alovera sanativutitse. Mbewu imeneyo ngakhale uyiiwale mwezi wathunthu imangokhala duu, osadandaula. Ntchito inali pa bambo.

Bambo anawotcherera zitsulo zaka makumi anayi, ndipo mutu wawo unauma ngati zitsulo zomwezo. Matenda a shuga anawapeza atapuma kale pantchito. Mwezi wachitatu chimwalirire amayi, anaponda kachidutswa ka waya pamasitepe osamva n'komwe, poti shugayo anali atawapha mapazi. Tinadziwira magazi pasokosi. Kachilonda kake kanali kakang'ono ngati diso la nkhuku, pansi pa phazi lamanzere, koma sikankapola. Kankangolowera m'kati.

Nesi wa kukiliniki, mayi wamfupi wosadziwa kunyengerera munthu, anandiuza bambo ali pomwepo.

"Chilonda ichi pakamwa m'pang'ono koma m'kati n'chakuya. Muzitsuka ndi madzi a mchere, muzimanga bandeji youma, osapakapo china chilichonse. Lachitatu lililonse ndizichiona. Mukachita nacho chibwana, phazi ili tidula."

"Akadule la mwamuna wake," anatero bambo titatuluka panja.

Ana tilipo awiri. Achimwene anga amayendetsa galimoto yonyamula katundu, ndipo aliyense amawatchula a Mawa, chifukwa chilichonse chimene ungawapemphe yankho lake ndi lomwelo. Ine kunyumba amanditchula Tsabola, ndipo sindikuona chifukwa chofotokozera. Ndimagwira ntchito kubekale, pa uvuni, ndimaweruka dzuwa lili paliwombo. Tinagawana chonchi: a Mawa azidzera m'mawa kuwapatsa tiyi ndi mapiritsi, ine masana ndizitsuka chilonda ndi kuphika. Bambo ankakhala okha m'nyumba yam'mwamba, pamwamba pa shopu ya matayala, masitepe makumi awiri ndi awiri kuchokera pansi. Makiyi analipo awiri okha, anga ndi a achimwene.

M'nyumba mwathu dokotala wamkulu anali alovera. Ukapsa ndi mafuta, alovera. Zidzolo, ziphuphu, m'mutu moyabwa, alovera. Bambo ankabwera kuntchito mikono ili mathothomathotho ndi timabala ta moto, ndipo madzulo aliwonse amayi ankawakhazika pakhonde n'kumawapaka uku akuwakalipira kuti magolovesi anawagulira chiyani. Ine nditayamba kubekale mathireyi otentha anandidinda mizere m'mikono, mankhwala ake anali omwewo.

Amayi anali ndi kadulidwe kawokawo. Ankasankha tsamba la pansi, lonenepa, n'kulidula chopendeketsa ndi kampeni ka chigwiriro chofiira. Anali amanzere, ndiye podula pawo pankapendekera mbali yosiyana ndi ya ife tonse. Akadula ankaliimika m'kapu yoyera yothoka chogwirira kuti madzi achikasu owawa aja atsike kaye, poti amenewo amayabwa pakhungu, ndipo ukawamwa umacheza kuchimbudzi tsiku lonse. Pomaliza ankathira timadzi m'chitini chimene adulamo. Tikawaseka ankati, "Munthu wakupatsa mkono wake, iwe osam'patsa ngakhale madzi akumwa?"

Lolemba lina ndinafika masana ndi mabanzi awiri m'chikwama. Nditatuluka pakhonde kukayanika thaulo, ndinapeza tsamba litaima m'kapu ija. Madzi achikasu anali atatsika kale pansi. Kapuyo ndinali nditaibisa ndekha pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo, chifukwa sindinkatha kuiona osagwetsa misozi.

"Bambo, mwadula ndinu tsambali?"

"Ndayenda ndi phazi liti? Adula amako."

"Mukutanthauza a Mawa?"

"Ndati amako. Makutu unawaiwala mu uvuni?"

Ndinangoti ndi achimwene basi, ndipo zinandikhudza. Munthu amene babu lakukhitchini linamutengera miyezi iwiri kuti asinthe, lero wakumbuka kapu ya amayi. Bambo anatambasula mwendo pampando n'kuloza pakhonde ndi chibwano.

"Tenga upake."

"Nesi anati osapakapo kanthu."

"Nesiyo ndiye anakulera? Zipsera zako zija anapoletsa ndi iye?"

Ndinkadziwa kuti chilonda chakuya si bala la moto. Ndinkadziwa bwinobwino. Koma nditachotsa minga m'mbali n'kung'amba tsamba lija pakati, fungo lake linadzaza pabalaza, fungo lobiriwira lowawira pang'ono, ndipo kwa kanthawi nyumba ija inakhalanso nyumba ya anthu. Ndinawasowa amayi koopsa. Ndinapala zoterera zija ndi supuni, ndinapaka pachilonda, ndinamanga bandeji. Palibe anandigwira dzanja. Ndinapaka ndekha, ndi mtima wonse.

Mawa lake tsamba linalipo. Mkuja linalipo. Tsiku lililonse ndikafika ndinkayamba ndasuzumira pakhonde ndisanapereke moni, ndipo ndikaliona mtima unkakhala pansi. Chilonda nacho chinayamba kumvera. M'mbali munayamba kubwera khungu lofiirira, pakamwa pake n'kumachepa. Lachitatu loyamba bambo anakana kutsika masitepe, ine ndinati zilekeni, sabata imodzi siipha munthu. Lachitatu lachiwiri nesi anaimba foni.

"Bambo aja sindikuwaona."

"Chikupola bwino kwambiri, anesi. Chatsala pang'ono kutseka."

"Kutseka? Msanga chonchi? Ndichione ndi maso anga."

Ndinati sindikumva bwino, mawu akudukaduka, n'kudula foni. Ndinachita kudzitama mumtima kuti anthu ophunzirawa amapsa mtima akaona tsamba la m'chitini cha penti likuwaposa.

Lamlungu ine ndi achimwene tinakumana kwa bambo. Bambo akuwodzera, ndinawakokera kukhitchini.

"Achimwene, ndimakunenani zambiri, koma pa ichi chokha zikomo."

"Chiti?"

"Tsamba lija mumadula m'mawa."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti avine.

"Ine? Mbewu zija sindizigwira n'komwe, zimandiyabwa. M'mawa ndimangoipeza kapu ili yotsuka, yovundikira pakhonde. Ndimayesa umatsuka ndiwe."

Kapuyo sindinaitsukepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkaisiya ndi madzi ake achikasu, kuti wodulayo aziona yekha zochita nayo.

Tinatuluka pakhonde tonse awiri n'kunjuta pazitini. Zitsa za masamba odulidwa zinalipo khumi ndi zinayi, zina zouma, zina zaziwisi. Zonse zinapendekera mbali imodzi, mbali ya munthu wamanzere. Zitini zisanu ndi chimodzi dothi lake linali louma gwa, long'aluka. Chimodzi, chimene munali chitsa cha tsiku lomwelo, dothi lake linali lonyowa kabwalo kakang'ono, ngati pothiridwa ndi kapu.

Achimwene anaimirira, napukuta manja m'thalauzi ngakhale sanagwire kanthu.

"Tikambirana mawa," anatero. Masitepe aja anawatsika awiriawiri.

Ine si munthu wokhulupirira zinthu mwachisawawa. Ndinati mwina bambo amadumphira ndi mwendo umodzi mpaka pakhonde, n'kumatinamiza kuti tiziwamvera chisoni. Munthu wakhala ndi mkazi zaka makumi anayi ndi zisanu angalephere kutsanzira kadulidwe kake? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, Lachinayi, ndipo ndinafika m'mawa achimwene asanachoke. Atatuluka ndinakhoma chitseko n'kusiya kiyi m'loko. Kampeni kofiira ndinakakulunga m'kansalu n'kukaika m'chikwama changa, chikwamacho pamiyendo panga. Ndinakhala moyang'anizana ndi bambo. Khomo la pakhonde linali kumbuyo kwanga, kuseri kwa katani.

Bambo anamvera wailesi pang'ono, kenaka anagona pampando pomwepo, kukamwa kuli yasa. Ndinawayang'ana maola awiri. Pansi makina opopera matayala ankalira n'kusiya, kulira n'kusiya. Dzuwa linali phwee, pamsewu anthu akuitanira malonda. Ndinayamba kudziona wopusa, munthu wamkulu kutaya tsiku la ntchito kulondera zitini.

Cha m'ma leveni makina aja anasiya kulira. Kumbuyo kwanga ndinamva khwa! ngati munthu waluma nkhaka yaiwisi. Kenaka kapu inagunda pasimenti pang'onopang'ono, monga amaikira munthu wosafuna kudzutsa wodwala. Kenaka madzi, pang'ono chabe, akulowa m'dothi louma.

Thupi lonse linachita tsemwe. Bambo anali patsogolo panga, mapazi onse awiri ali pomwe anali. Osatsegula maso, analankhula.

"Usatembenuke msanga. Amachita manyazi."

Ndinatembenukabe. Ndinakoka katani. Pakhonde panalibe munthu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pansi palibe potsikira koma kudumpha. Tsamba linali litaima m'kapu. Dontho loyamba lachikasu linali likungoyamba kutsetsereka. Ndinatsegula chikwama, ndinamasula kansalu. Kampeni kanali momwemo, koma kanali koterera, ndipo kansaluko kanali katanyowa.

Ndinachita mantha, inde, koma ndinene zoona: ndinakondwanso. Ndinaima pakhomopo n'kuitana kuti, "Amayi?" ngati mwana wotayika pamsika. Pansi makina aja anayambanso kulira.

Nditabwerera pabalaza ndinapeza bambo ali maso, akumwetulira. Chimwalirire amayi ndinali ndisanawaone nkhope yowala chonchija.

"Akuti khungu likangotseka, ndivale nsapato."

"Nsapato? Mupite kuti?"

"Akuti si kutali. Koma n'koyenda pansi."

Chimwemwe changa chinathera pomwepo. Ndinagwada, ndinamasula bandeji, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri ndinayang'ana phazi lonse, osati pachilonda pokha. Khungu linali litatseka ndithu, losalala, lonyezimira. Koma kakolo anali atatupa, phazi likutentha ngati thireyi yongotuluka mu uvuni. Nditadinikiza ndi chala pafupi ndi chilonda, panalowa ngati ufa wokanda umene wafufuma, chibowo cha chala n'kutsala. Pansi pa fungo la alovera panali fungo lina, lotsekemera moipa. Kamzere kofiira kanali katayamba kukwera pamsongolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tinali titatseka pakamwa pa chilonda, matenda n'kuwatsekera m'kati.

"Bambo, tikupita kuchipatala. Lero."

"Upite wekha. Ine ndapola."

"Phazili lawola m'kati!"

"Silikupweteka."

"Silingapweteke, munaponda waya osamva! Nyamukani."

"Ukandigwira, Tsabola, ine ndi iwe tathana."

Ndinaimbira achimwene. Anati ali kutali atanyamula katundu wa anthu, afika mawa masana, tidzawanyamule bwinobwino. Ndinawatukwana, koma ndekha sindikanatha kutsitsa munthu wamkulu wokana pamasitepe makumi awiri ndi awiri. Apa mpamene ndimadziimba mlandu mpaka lero: ndikanaitana anthu a pansi tsiku lomwelo. Ndinaopa manyazi oti bambo anga akokedwe akukuwa anthu akuona. Ndinangotsuka phazi ndi madzi a mchere, tsamba lija ndinaliponya m'bini, bambo akundiyang'ana osaphethira.

Mawa lake kuntchito ndinapsereza mathireyi awiri a buledi. Itakwana teni ndinavula epuloni n'kuuza abwana kuti andichotse ntchito ngati akufuna. Ndinathamanga njira yonse.

Chitseko cha bambo ndinachipeza chotsegula. Iwo anali pampando wawo, atavala jekete la suti ndi malaya oyera, tsitsi lopesa. Thukuta linali kamukamu pankhope, milomo youma, maso ali pakhomo. Kumapazi anavala nsapato zawo zakuda, zonse ziwiri, zopolisha, zingwe zomanga bwino. Phazi limene dzulo lake silikanalowa ngakhale m'silipasi linali m'nsapato, mnofu utafufumira pamwamba pake. Bambo zala zawo zinkanjenjemera, batani lenilenilo ankalephera kumanga.

Ndinagwada kuti ndimasule chingwe. Anandigwira dzanja, chikhatho chawo chikuwotcha.

"Usavule. Avutika kundiveka, limakana."

"Ali kuti?"

"Atsogola. Akundidikira pokhotera masitepe. Ndikungopuma kaye."

Manyazi anandithera. Ndinatuluka pakhonde n'kukuwira anthu a matayala kuti abwere awiri amphamvu, msanga. Ndinaimbira achimwene.

"Ndili pafupi, mlongo, koma ndimati nditsitse kaye katundu…"

"Mukatsitsa katunduyo, wotsatira kunyamula ndi bokosi la bambo anu. Bwerani pano!"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Mawa anafika lero.

Amuna awiri a matayala, manja ali bii ndi girisi, ananyamula bambo ndi mpando womwe. Bambo anawatukwana, anatukwana ine, anatukwana nesi ndi mwamuna wake. Koma titafika pokhotera masitepe, pamene pali kawindo kakang'ono, anasiya kutukwana. Anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri, chitsulo chimene anawotcherera okha kalekale, n'kuyang'ana pakona. Pakonapo panalibe kanthu, tsache lakutha lokha. Koma panali pozizira ngati m'firiji, tsiku lotentha ngati limenelo, ndipo fungo la tsamba longodulidwa kumene linali ponseponse. Mmodzi wa amuna aja ananong'ona kuti, "Asisi, tiyeni tichoke pano."

"Mayi," anatero bambo, mawu ali ang'ono ngati a mwana, "auzeni anthuwa anditsitse. Ndiyenda ndekha. Auzeni."

Ndinayang'ana pakona paja. Amayi ndinali ndisanawayankhepo mwano chibadwire, ngakhale ndili Tsabola.

"Amayi, bwererani nokha," ndinatero. "Awa simuwatenga."

Kenaka ndinayamba kumasula zala za bambo pachitsulo, chimodzichimodzi. Zinali zolimba, zala za munthu wa zitsulo, ndipo ndikamasula china chinzake chinkagwiranso. Ankalira. Ndinamaliza zonse khumi, tinatsika.

Kuchipatala nsapato ija anachita kuidula ndi sizasi. Zimene zinatuluka m'menemo sindizifotokoza, achimwene anathawira panja kukasanza. Dokotala anati tikanachedwa tsiku lina limodzi, poizoni akanalowa m'magazi monse. Mwendo anaudula tsiku lomwelo, pansi pa bondo. Nesi wamfupi uja ndinakumana naye m'kholido mawa lake. Ndinakonzeka kuti andikalipire. Anangondiyang'ana, nandigwira paphewa, n'kupitirira, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipira.

Tsiku lachitatu bambo anatsitsimuka bwinobwino. Kutentha thupi kunali kutatsika. Ndinawapeza masana atatsamira pilo, akuyang'ana pamene bulangete linaphwa. Ndinawathirira tiyi wa m'fulasiki.

"Anabwera dzulo," anatero osandiyang'ana. "Nthawi ngati ino."

Ndinatseka fulasiki.

"Anaima apo waimapo. Anakweza bulangete, anayang'ana, anabwezeretsa bwinobwino, mpaka kupinda m'mbali. Sanalankhule. Anatulukira khomo ilo."

"Imwani tiyi, bambo, asanazizire."

"Sabweranso. Munthu wa mwendo umodzi angamudikire mpaka liti?" Apo anatembenuka n'kundiyang'ana. M'maso mwawo munalibe ukali, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo. "Imfa inandilanda mkazi kamodzi, ndinapirira. Iwe wandilanda kachiwiri."

"Muli moyo, bambo."

"Eya, ndili moyo. Wakondwa?"

Ndikanatha kunama, kapena kupepesa. Koma ndinali nditakondwa, ndipo ndikanamasulanso zala zija ngakhale kakhumi.

"Ndakondwa," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuvomera. Kenaka anatembenukira kwa wodwala wa bedi loyandikana nalo n'kumupempha mwaulemu kuti awaitanire nesi adzawamwetse madzi, ine ndili chiimire pomwepo ndi tiyi m'manja.